Malungo osamva LA: zimene timaona pa khansa ya m'magazi kuno kunyanja

Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota mwana akatentha thupi, m'manja n'kuyera, agogo ake, mayi ake ngakhale ife a chipatala timaganiza chinthu chimodzi: malungo. Kawirikawiri timakhala titalasa. Pano ndikulemba za odwala ochepa aja amene amamwa LA n'kumaliza, kumwanso kachiwiri, koma thupi osabwerera m'chimake. Ena mwa iwo amakhala ndi khansa ya m'magazi yothamanga, imene m'kabuku ka kuchipatala mudzaiona italembedwa kuti acute leukemia. Ndikulembera makolo ndi magadiyani, komanso anzanga oona odwala m'zipatala zazing'ono, chifukwa nthawi yambiri imatayikira m'manja mwathu, wodwala asanafike n'komwe ku Lilongwe.

Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa, makamaka a m'chiuno, a msana, nthiti ndi fupa la pachifuwa. M'menemo mumatuluka maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera olimbana ndi tizilombo, ndi timaselo ting'onoting'ono totchedwa ma platelet, timene timatseka bala kuti magazi asiye kutuluka. Pa khansa imeneyi selo limodzi losakhwima limasokonekera n'kuyamba kuswana mosalekeza, ana ake osakhwima, osagwira ntchito iliyonse. Amenewa ndiwo ma blast. Zimakhala ngati nazale ya mpunga imene udzu wapitirira mbande: malo ndi omwewo, madzi ndi omwewo, koma zokawoka palibe. Ofiira akachepa munthu amayera n'kufooka, oyera abwinobwino akachepa matenda amalowa mosavuta, ma platelet akachepa magazi amatuluka. Chovuta n'chakuti zitatuzi sizitsika tsiku limodzi kapena mofanana. Wina amayamba ndi kufooka kokha, wina ndi kamfuno, wina ndi mwendo wopweteka. Odwala awiri a matenda amodzimodziwa akhoza kugona mabedi oyandikana inu osaganizako kuti akudwala zofanana.

Mitundu ikuluikulu ndi iwiri. ALL imagwira kwambiri ana, makamaka a zaka 2 mpaka 5. AML imachuluka kwa akuluakulu ndipo imawonjezeka ndi ukalamba, ngakhale ana nawonso imawagwira. Yonse iwiri siyopatsirana ndipo sichokera ku chakudya chimene mayi anadyetsa mwana. Ana obadwa ndi Down syndrome ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzawo, choncho akayera kapena kutuluka timadontho pakhungu asamachedwetsedwe.

Ine ndimayamba ndi kabuku ka kuchipatala, kutsegula masamba a m'mbuyo. Kambiri mumalembedwa chonchi. Tsamba loyamba: kutentha thupi, mRDT positive (kachipangizo koyezera malungo pachala kaonetsa mizere iwiri), LA ndi Panado. Patapita masabata awiri: kutenthanso thupi, mRDT positive, Hb (mlingo wa magazi) 7, LA ina, mapiritsi owonjezera magazi ndi albendazole. Patapita ena awiri: Hb 4, wagonekedwa, walandira artesunate, waikidwa magazi, watuluka akusewera. Mwezi usanathe wabweranso atayera ngati poyamba. Aliyense wolemba pa masamba amenewa anachita zoyenera malinga ndi zimene anaona tsiku lake, koma nkhani yeniyeni imaoneka ukawerenga masamba onse pamodzi. N'chifukwa chake kugula kabuku katsopano pa ulendo uliwonse, kapena kusiya kakale kunyumba poopa kuti adokotala akalipa poona kuti munapita kwina, kumamupweteka wodwala yemweyo. Bweretsani onse, ngakhale ong'ambika, pamodzi ndi timapepala ta ku chipatala cholipira ndi mapaketi a mankhwala amene anamwa.

Nanga mizere iwiri ya mRDT ija? Kachipangizo koyezera malungo pachala kamafufuza puloteni ya tizilombo ta malungo yotchedwa HRP2, ndipo puloteni imeneyi imatsalira m'magazi masabata angapo tizilombo titafa kale. Kuwonjezera apo, m'mphepete mwa nyanja muno ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala. Ndiye mizere iwiri imangotiuza kuti mwanayu wakumana ndi malungo posachedwapa, osati kuti malungowo ndi okhawo akumudwalitsa lero. Mwana wa khansa naye amalumidwa ndi udzudzu. Malungo enieni akalandira LA moyenera, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndi chakudya, osasanza, thupi limazizira m'masiku awiri kapena atatu ndipo magazi amayamba kukwera m'masabata otsatira. Kutentha thupi kopitirira masiku 7, kapena Hb yotsika m'malo mokwera, ndi chizindikiro chakuti pali china. Chimodzimodzinso magazi oikidwa: maselo ofiira a munthu wina amakhala m'thupi masabata ambiri, choncho wodwala wofunanso magazi patangopita masabata awiri kapena atatu, popanda pomwe akuchucha, ndiye kuti thupi lake silikupanga kapena likuwaphwanya. Zonse ziwiri n'zofunika kufufuza.

Likodzo ndi njoka za m'mimba, zimene kuno zili paliponse, zimachepetsanso magazi, koma mwa njira yake. Zimatenga miyezi, mwana amayendabe kusukulu, maselo ofiira amakhala aang'ono chifukwa chosowa ayironi, ma platelet amakhala abwinobwino kapena okwera pang'ono, ndipo mapiritsi owonjezera magazi amathandiza. Pa khansa kuyera kumabwera m'masabata ochepa, maselo ofiira amakhala a msinkhu wake kapena okulirapo pang'ono, ndipo ayironi sasintha kanthu.

Chizindikiro chimene chimatiphonya kwambiri kwa ana ndi kupweteka kwa mafupa. Mwana wa zaka zitatu amene ankathamanga amayamba kutsimphina, kenako kukana kuima, kumangofuna kuberekedwa. Usiku amadzuka kulira miyendo, lero bondo lakumanja, mkucha chigongono. Palibe bala, palibe kugwa kumene wina akukumbukira, kapena amakumbukira kugwa kwakung'ono kosayenera ululu wotere. Ululuwu umachokera m'kati mwa fupa momwe ma blast adzaza n'kumakankha. Ukadina ndi chala pafupa la pachifuwa kapena pamsongolo amalira. Apa ambiri amaganiza za sickle cell, ndipo n'koyenera kuyeza. Koma sickle cell kawirikawiri imadziulula mwana ali wamng'ono kwambiri, ndi kutupa manja ndi mapazi, maso achikasu, ndipo ma platelet ake satsika. Mwana amene wakula bwinobwino mpaka zaka zinayi kenako n'kuyamba ululu wa mafupa, kuyera ndi kutentha thupi pamodzi, ayezedwe magazi onse asanapatsidwe dzina la nyamakazi.

Kutuluka magazi nakonso sikuti nthawi zonse kumaoneka poyera. Kamfuno wotenga mphindi zopitirira 10 kapena 15 ngakhale mwafinya mphuno, magazi pa mswachi m'mawa uliwonse, msambo wochuluka kapena wosatha kwa mtsikana amene kale sunkamuvuta, mikwingwirima pamsana ndi pamimba pomwe mwana sagundapo: izi n'zoonekeratu. Zobisika ndi timadontho tofiira ngati nsonga ya singano. Pakhungu lakuda sitioneka msanga, ndiye pamafunika kuunika ndi tochi m'kati mwa mlomo wa m'munsi, kumwamba m'kamwa, m'kati mwa chikope cha m'munsi, m'miyendo cha kumapazi, ndi m'chiuno momwe mwadutsa lamba wa kabudula. Mukadinapo ndi galasi sitizimirira, kusiyana ndi zidzolo zambiri. Mwana wotere akatemedwa mphini, mabala ang'onoang'ono aja amachucha usiku wonse ndipo amalowa tizilombo mosavuta. Sindikunyoza agogo amene amatema mphini pofuna kuthandiza mdzukulu. Ndikungoti mphini yokana kuuma ndi uthenga, mukatiuze.

Anabere m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche amene sapweteka, ndi olimba, ali mbali zonse ziwiri ndipo sakuphwa patapita masabata angapo, nawonso ayezetsedwe. Kapamba ndi chiwindi zimatupa, mimba n'kukula mwana akuonda. Kapamba wotupa kuno tinamuzolowera chifukwa cha malungo ndi likodzo, moti sitidabwa naye. Chodabwitsa chikhale kapamba wobwera limodzi ndi anabere ndi timadontho tija.

Pali maonekedwe ena amene munthu sangaganizire magazi n'komwe. Mnyamata wa zaka za ku sekondale amayamba kutsokomola, kubanika akagona chagada, mpaka kumagona chokhala. M'mawa nkhope ndi khosi zatupa, mitsempha ya m'khosi yatuluka. Amapatsidwa amoxicillin, kenako amaganiziridwa mphumu kapena TB, makhololo osaonetsa kanthu. Mtundu wina wa ALL, wa maselo oyera otchedwa T, umapanga chotupa pakati pa chifuwa chimene chimapanikiza njira ya mpweya ndi mitsempha ikuluikulu yobwerera ku mtima. X-ray ya pachifuwa imachionetsa ngati chithunzi chotambalala pakati. Wodwala wotere asakakamizidwe kugona chagada ndipo asapatsidwe mankhwala ogonetsa, chifukwa njira ya mpweya ikhoza kutsekekeratu. Pa ambulansi ayende chokhala.

Ana ena a AML amabwera ndi diso lotuluka, limodzi kapena onse awiri, chifukwa ma blast aunjikana kumbuyo kwa diso. Ku Malawi kuno diso kapena chibwano chikatupa mwamsanga timaganiza za Burkitt lymphoma, khansa ya ana yofala kwathu, ndipo sitilakwa kuganiza choncho, koma mankhwala a ziwirizi ndi osiyana ndipo chosiyanitsa choyamba ndi magazi. Ena nkhama zimatupa mpaka kukwirira mano n'kupita kokachotsa dzino. Dzino lisachotsedwe pa nkhama zotupa ndi zotuluka magazi musanaone ma platelet. Ena mutu umapweteka ndi kusanza m'mawa, pakamwa kupotokera mbali imodzi, kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Kwa anyamata thumbo la machende likhoza kutupa mbali imodzi mosapweteka, ndipo chifukwa cha manyazi sanena mpaka adokotala ataona okha.

Akuluakulu amachedwa kwambiri chifukwa kufooka amakupezera zifukwa. Msodzi amati ndi kusagona, mayi amati ndi ntchito ya kumunda. Chimene chimawabweretsa ndi phuma pokwera kamtunda kamene ankakwera ndi thumba pamutu, mtima kugunda m'makutu, zilonda za m'kamwa ndi pakhosi zosapola, zithupsa zobwerezabwereza, kapena chotupa chopweteka kotulukira chimbudzi. Pali mtundu wina wa AML wotchedwa APL umene umasokoneza kuundana kwa magazi m'thupi monse. Wodwala amachucha pamene pabayidwa jakisoni, mkodzo umafiira, mikwingwirima imakhala yaikulu, ndipo akhoza kutaya magazi mu ubongo m'masiku oyambirira. Chikhalirecho APL ndi umodzi mwa mitundu imene imachira bwino kwambiri mankhwala otchedwa ATRA akayambidwa msanga. Munthu wamkulu wotentha thupi amene akuchucha paliponse asadikire tsiku la kiliniki.

Si kuti zizindikiro zonsezi n'za khansa yokha. HIV, TB yofalikira m'thupi, tizilombo tolowa m'magazi, malungo aakulu, ndi matenda amene mafuta a m'mafupa amangouma osapanga kanthu, zonsezi zikhoza kutsitsa magazi mofananamo. Malungo amatsitsa ma platelet, koma amabwerera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu atalandira mankhwala. Ku Nkhotakota kuli chinanso chosaiwalika: kaodzera. Anthu okhala kapena kulima moyandikana ndi nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota amalumidwa ndi kashembe, ndipo kaodzera wa kuno ndi wothamanga. Amayamba ndi kutentha thupi, mutu, anabere, kuchepa magazi ndi ma platelet, tulo tija tisanayambe n'komwe. Ubwino wake ndi wakuti tizilombo ta kaodzera ndi ma blast zonse zimaoneka pa kagalasi ka magazi. Wodwala amene "malungo" ake sakumva mankhwala akaonedwa magazi pa maikulosikopu, ziwirizi zikhoza kugwidwa tsiku lomwelo.

Kuyeza kumayamba ndi full blood count, ndiko kuyeza magazi onse: maselo ofiira, oyera ndi ma platelet. Zipatala zazing'ono zambiri zimayeza malungo ndi Hb basi, choncho pamafunika kalata yopita ku chipatala chachikulu cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, kapena cha mishoni chimene chili ndi makina ake. Kholo likhoza kupempha mwaulemu: "Adokotala, pepani, mwanayu wamwa LA kachitatu m'miyezi iwiri koma sakusintha, ndipo akulira mafupa. Kodi simungamuyezeko magazi onse?" Palibe wa chipatala wanzeru amene angakwiye ndi funso lotere.

Pa pepala la zotsatira yang'anani mizere itatu. WBC ndi maselo oyera, ndipo kwa munthu wamkulu amakhala pakati pa 4 ndi 11, kwa ana aang'ono okwererapo. Hb kwa munthu wathanzi imakhala cha m'ma 12 kupita m'mwamba. PLT ndi ma platelet, oyenera kukhala pakati pa 150 ndi 400. Ambiri amaganiza kuti pa khansa ya m'magazi WBC imakhala yokwera nthawi zonse. Ayi. Ikhoza kukhala 200, ikhoza kukhala 8, ikhoza kukhala 1.5. Pafupifupi theka la ana a ALL amabwera WBC yawo ili pansi pa 10. Lamulo limene ndimatsatira ndi ili: mizere iwiri mwa itatu ikakhala yosalongosoka, mwachitsanzo Hb 6 ndi PLT 30, magaziwo aonedwe ndi maso pa kagalasi, kaya mRDT yati chiyani. Onaninso ma neutrophil, omwe ndi asilikali enieni pakati pa maselo oyera. WBC ikhoza kuoneka yabwino pamene ma neutrophil ali pansi pa 0.5, otsalawo ali ma blast. Makina sadziwa blast. Amaiwerenga ngati lymphocyte kapena monocyte, yomwe ndi mitundu ina ya maselo oyera, kapena amangoika tinyenyezi ndi timizere pamalo pa manambala. Tinyenyezi timeneto si kuwonongeka kwa makina nthawi zonse, nthawi zina akukuuzani kuti aona maselo achilendo.

Zimene zimalakwika pa sitepe imeneyi n'zazing'ono koma zimasokoneza. Magazi aikidwe mu botolo la chivindikiro chapepo, afike pa mzere, ndipo botolo litembenuzidwe pang'onopang'ono maulendo 8 kuti asakanikirane ndi mankhwala oletsa kuundana. Akaundana ngakhale pang'ono, PLT imatuluka yotsika monama. Kagalasi kapakidwe m'maola awiri kapena atatu, chifukwa ndi kutentha kwa mu October kuno maselo oyera amaphwanyika msanga m'botolo n'kumaoneka ngati achilendo. Kagalasi kokhuthala koyezera malungo sikathandiza pa ntchitoyi. Pamafunika kopyapyala: kadontho kakang'ono cha kumapeto kwa galasi, galasi lina lopendeketsa madigiri 30 mpaka 45, kukankha kamodzi mosaima, kuumitsa ndi mpweya, kuviika mu methanol, kenako utoto wa Giemsa kapena Leishman. Poona, pitani cha kumchira kumene maselo ofiira angogundana osaunjikana, ndi diso la 100 ndi mafuta ake. Blast imakhala yaikulu kuposa lymphocyte wamba, phata lake ladzaza pafupifupi selo lonse, losalala, lokhala ndi timaso timodzi kapena tingapo totuwa m'kati, ndipo kunja kwatsala kamkombero kochepa kobiriwira. Mukaona timitengo tofiirira ngati tisingano m'kamkombero kameneko, ndi ma Auer rod, ndipo amaloza ku AML. Chinanso chodziwikira ndi kufanana kwa maselowo. Pa matenda a tizilombo maselo oyera amakhala osiyanasiyana, pa khansa onse nkhope imodzi. Pakani magalasi awiri kapena atatu owonjezera, lembani dzina ndi tsiku ndi pensulo, apite ndi wodwala.

Pali zinthu ziwiri zimene zimafufuta umboni. Choyamba ndi kuika magazi musanatenge oyeza. Wodwala wa Hb 3 amene akubanika aikidwe magazi ndithu, koma kutenga mamililita awiri m'botolo ndi kupaka kagalasi kumatenga mphindi zosakwana zisanu, ndipo kuchitike thumba lisanapachikidwe. Ngati WBC yapitirira 100, magazi a wodwalayo ndi okhuthala kale ndi ma blast, choncho kuika magazi ambiri mothamanga kukhoza kutseka timitsempha ta mu ubongo ndi m'mapapo. Apo imbani kaye foni kwa madokotala a khansa, muike ochepa, pang'onopang'ono.

Chachiwiri, chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndi ma steroid: prednisolone, dexamethasone, hydrocortisone. Amaperekedwa mosavuta pa mphumu, pa kutupa, pa ululu wa mafupa, ndipo ena amangogula okha. Mankhwala amenewa ndi mbali ya chithandizo chenicheni cha ALL, ndiye amapha ma blast ambiri m'masiku ochepa. Mwana amadzuka, amadya, anabere amaphwa, banja limasangalala. Akafika kokayezedwa ma blast sapezeka, amabwezedwa, ndipo patapita masabata matenda amabwerera, nthawi zina atayamba kusamva mankhwalawo. Komanso ma blast ambiri akafa nthawi imodzi amatulutsira m'magazi potassium, phosphate ndi uric acid, zimene zikhoza kutseka impso kapena kuimitsa mtima. N'chifukwa chake ku wodi ya khansa amayamba ndi madzi ambiri a m'dripi opanda potassium ndi allopurinol, akuyeza mkodzo wotuluka. Ngati wodwala wamwa kale ma steroid, si mlandu, koma nenani dzina la mankhwala, mlingo wake ndi tsiku lomaliza kumwa.

Podikira ulendo, Aspirin, Brufen, diclofenac ndi Indocid zisiyidwe chifukwa zimafooketsa ma platelet ochepa otsalawo. Pa ululu Panado, ukakula morphine. Jakisoni wa m'tako apewedwe, chifukwa amasiya chotupa cha magazi m'mnofu, ndipo mankhwala adutse m'mtsempha. Kalikonse kolowetsa kotulukira chimbudzi kapewedwenso ngati pali njira ina. Wodwala wa ma neutrophil otsika akatentha thupi kufika madigiri 38, alandire mankhwala opha tizilombo a m'mtsempha, monga ceftriaxone, ola limodzi lisanathe, ngakhale mRDT ili positive ndipo artesunate wayambidwa. Odwala ambiri amene timawataya m'masiku oyamba amapita ndi tizilombo ta m'magazi kapena kutaya magazi, khansayo isanapatsidwe n'komwe dzina.

Odwala a kuno amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe kuli madokotala a khansa ya ana ndi ya akuluakulu. Kuchokera ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo ochokera ku Nkhotakota ambiri amatsika ndi M5 kudzera ku Salima komweko. A kumwera amapita ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kalata yotumizira ikhale ndi manambala enieni a full blood count ndi masiku ake, tsiku loikidwa magazi, mankhwala onse, ndi zotsatira za HIV. Kulemba kuti "severe anaemia, for further management" kokha kumachititsa wodwala kuyambiranso pamzere.

Kutsimikiza kumachitika poyeza mafuta a m'mafupa. Wodwala amagona chammbali kapena chafufumimba, amatsukidwa kumbuyo kwa chiuno pamene fupa lili pafupi ndi khungu. Wamkulu amabayidwa mankhwala ochititsa dzanzi, mwana amagonetsedwa pang'ono. Singano yolimba imalowa m'fupa n'kukoka timadzi tochepa tooneka ngati magazi, nthawi zina ndi kachidutswa ka fupa konga kamtengo ka machesi. Ululu umamveka kwambiri pa masekondi okoka aja. Ntchito yonse ndi mphindi 15 kapena 20, ndipo singano sifika pafupi ndi mtsempha wa msana, choncho sipundula munthu. Ma blast akafika 20 mwa maselo 100 aliwonse, ndiye acute leukemia. Kenako pamafunika kudziwa mtundu, chifukwa maso okha nthawi zina sasiyanitsa ALL ndi AML. Makina a flow cytometry amawerenga zizindikiro za pakhungu la selo n'kunena ngati ndi B kapena T (za ALL) kapena myeloid (ya AML), ndipo mankhwala amasankhidwa potengera yankho limenelo.

Chimene mabanja amakana kwambiri ndi kuchotsa madzi a pamsana. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi nkhani ya munthu amene anachotsedwa madziwo n'kumwalira. Zoona zake n'zakuti ambiri amene amachotsedwa madzi m'mawodi athu amakhala akudwala kale kwambiri matenda oumitsa khosi, ndipo chowapha ndi matendawo. Singano imalowa m'munsi mwa msana, pansi pa pomwe mtsempha waukulu wathera, ndipo timadzi totengedwa ndi tochepa, thupi limabwezeretsa m'maola ochepa. Pa ALL sitepe imeneyi silumphika, chifukwa ma blast amabisala m'madzi ozungulira ubongo momwe mankhwala ambiri a m'mtsempha safika bwino. Pa singano yomweyo amalowetsapo methotrexate, ndipo zimabwerezedwa kangapo m'kati mwa chithandizo. Ma platelet akatsikitsitsa amayamba aikidwa kaye. Banja likambirane zimenezi lisananyamuke, malume ndi bambo avomerezeretu, kuti mayi amene ali yekha ku wodi asachite kudikira chilolezo pa foni masiku akupita.

Chithandizo cha ALL chimayamba ndi masabata pafupifupi anayi a mankhwala amphamvu, monga steroid, vincristine ndi asparaginase, ndipo chonse chimatenga zaka ziwiri kapena kupitirira, mbali yaikulu mwana akumwa mapiritsi kunyumba. Bungwe la World Health Organization limati m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka sakwana 30, ndipo mu 2018 linakhazikitsa cholinga chofika pa 60 pofika 2030. Zina mwa zimene zimapanga kusiyana kumeneku ndi kuchedwa kupezeka kwa matenda ndi kusiyira mankhwala panjira. Mwezi woyamba ukatha mwana amaoneka wochira, wanenepa masaya ndi ma steroid, mvula yagwa, kumunda kulibe munthu, thiransipoti yavuta, banja n'kuleka kupita. Ma blast otsala osaoneka aja amabwerera. Ngati vuto ndi ndalama ya ulendo, auzeni a ku wodi lisanafike tsiku lobwerera, musangosowa.

Achibale amene akufunsa chimene angachite apereke magazi. Wodwala mmodzi amafuna matumba ambiri m'miyezi yoyamba, ndipo ma platelet amene a Malawi Blood Transfusion Service amapatula ku magazi operekedwa amasungika masiku 5 okha, ndiye amafuna opereka osalekeza.

Wodwala akabwerera kumudzi pakati pa mankhwala, pakhomo pakhale kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Kakafika 38, kaya ndi usiku, musampatse Panado n'kudikira kuche, chifukwa Panado amangobisa kutenthako tizilombo tikuswana. Pitani ku chipatala chapafupi, onetsani khadi la ku wodi ya khansa pakhomo pomwe, ndipo nenani tsiku limene analandira mankhwala omaliza. Agone m'neti usiku uliwonse, amwe madzi owiritsa kapena othira mankhwala, asasambe m'nyanja kapena m'dambo. Pamudzi kapena kusukulu pakagwa katsabola kapena chikuku, mwanayo atalikirane ndi odwalawo ndipo muimbire a ku wodi tsiku lomwelo, ngakhale iye asanatuluke kalikonse pakhungu.